Ntchito sagula: mawu kwa osaka ntchito pa intaneti

Mwezi wathawu achemwali anga, amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, anandiimbira foni m'mamawa ndisanasukusule n'komwe. Mawu awo anali a chimwemwe chokhachokha. "Achimwene, Mulungu wayankha. Mwana uja wapeza ntchito." Mwana ankanenayo ndi chisamba chawo, mnyamata wa zaka 24 amene anakhoza bwino MSCE, nakatenga dipuloma ya zowerengera ndalama, koma kwa zaka ziwiri tsopano wakhala akungothandiza kumasula mabelo pa benchi ya amayi ake.

Ndinafunsa kuti ntchitoyo waipeza kuti. Ati pa intaneti. Ndinafunsa kuti ku intavyu anapita liti. Ati intavyu kulibe, mabwana angoona mapepala ake n'kumukonda. Apa mtima wanga unayamba kugunda, ndipo ndinafunsa funso lija ndinkaliopa: kodi mwatumiza zingati? Pa foni panali zii. Kenaka anandiwerengera: K35,000 ya fomu, K60,000 yoyezetsera kuchipatala, ndipo tsiku lomwelo amati atumize ina K80,000 ya yunifomu.

Ya yunifomuyo sinapite. Koma K95,000 ija inapita ulendo wosabwerera, ndipo pofika masana nambala ya "bwana" uja inali isakupezeka. Ndalamayo sinali yoyala pansi pa matiresi ayi. Unali mpamba wa geni, yokaoda belo la sabata imeneyo. Eni nkhani andilola kuti ndiikambe pano chifukwa si yawo okha. Aliyense wa inu amene mukuwerenga nyuzi ino pa okala, m'minibasi kapena m'chipinda chogona ku koleji akudziwa wina amene zinamuonekera zotere, ngati si iye mwini. Manyazi ndiwo amatitseka pakamwa, ndipo akamberembere amanenepa ndi manyazi athuwo.

Kusaka ntchito si kwachilendo kwa Mmalawi. Azigogo athu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi TEBA, ndipo ulendowo unali ndi misozi yake. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu 78, ambiri mwa iwo Amalawi, mpaka Kamuzu Banda anaimitsa kaye kulemba anthu opita kumigodiko. Koma ngakhale m'masiku owawawo, wolemba ntchito anali ndi nyumba, anali ndi chikwangwani, anali ndi kalaliki woti ukhoza kumuloza ndi chala. Ife a m'badwo wotsatira tinkayenda ndi envelopu ya khaki kumageti a ku Makata, ku Kanengo ndi ku Luwinga, n'kumawerenga chikwangwani cha "No Vacancy" mpaka kuchiloweza. Tinkapita ku laibulale kukasuzumira m'nyuzi, kulemba kalata pamanja, kugula sitampa, n'kudikira mwezi wathunthu. Zinali zotopetsa, nsapato zinkatha, koma unkadziwa pamene kalata yako yapita.

Lero wolemba ntchito akhoza kukhala nambala ya foni basi. Intaneti inayamba kufika kwa anthu wamba kuno kwathu cha m'ma 1997, ndipo nthawi imeneyo inali ya m'maofesi ochepa a m'tauni. Tsopano ili m'thumba la wakabaza ndi la mayi wogulitsa tomato. Ubwino wake sindingaukane. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akhoza kufunsira ntchito ya ku Lilongwe osalipira basi. Mabungwe ambiri masiku ano sakulandiranso makalata a pamanja. Amati tumizani pa imelo kapena lembani fomu pa tsamba lathu. Amene sadziwa njira imeneyi wagwa mpikisano usanayambe. Choncho sindikuti thawani intaneti. Ndikuti lowani, koma lowani ngati munthu wolowa mumsika waukulu tsiku la malipiro, dzanja lili pathumba.

Tiyeni tikambe poyambira, poti ambiri amagwa pachiyambi pomwe.

Choyamba ndi imelo. Khalani ndi imelo yanuyanu, yotsegula nokha, yokhala ndi dzina lanu lenileni. Gmail ndi yaulere, ndipo kutsegula sikutenga nthawi yofanana ndi kuphika nsima. Achinyamata ambiri imelo anawatsegulira ndi mnyamata wa pa shopu tsiku limene ankagula foni, ndipo pasiwedi sadziwa. Foni ikabedwa, imelo yapita, makalata onse apita. Ena ali ndi maina oti pa Facebook amasangalatsa, koma pamaso pa wolemba ntchito amachititsa manyazi. Bwana wofuna kalaliki wosunga ndalama akaona kalata yochokera kwa munthu wodzitcha mfumu ya akazi kapena mwana wa golide, mukuganiza kuti aitsegula? Lembani pasiwedi pamalo obisika kunyumba, ikani nambala yanu ya foni yobwezeretsera imeloyo mukaiwala, ndipo muzitsegula tsiku ndi tsiku. Alipo amene anaitanidwa ku intavyu ya Lachiwiri koma kalata anaiona Loweruka.

Pamenepa pali kamsampha kena kamene sitikonda kukakamba. Ambiri a ife timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha poti ndiyo yotsika mtengo. Bandulo yotere sitsegula imelo, sitsegula masamba a makampani. Mapeto ake intaneti yonse ya wosaka ntchito imakhala magulu a WhatsApp, ndipo kumeneko n'kumene mbava zimatchera misampha. Ngati ndalama ndi yochepa, ndi bwino kugula bandulo yaing'ono yotsegula paliponse kawiri pa sabata, n'kuigwiritsa ntchito pa imelo ndi pa masamba a ntchito, kusiyana ndi kuthera mwezi wonse pa magulu ongotumizirana mphekesera. Mukapita ku kafe, musanadzuke pampando tsekani imelo yanu ndipo fufutani mapepala anu pa kompyutayo. Wobwera pambuyo panu simukumudziwa.

Chachiwiri ndi CV. Isapitirire masamba awiri. Pamwamba dzina, nambala ya foni imene imagwiradi, ndi imelo ija. Kenaka maphunziro, kuyambira a posachedwa, ndi ntchito zimene mwagwirapo. Apa ndikufuna ndilankhule ndi ana a ageni. Ambiri mumati mulibe choti mulembe poti simunalembedwepo ntchito. Bodza. Ngati mwakhala zaka ziwiri mukulemba kaundula wa katundu pa golosale ya abambo anu, kuwerengera ndalama madzulo, kukaoda ku Limbe kapena ku Area 2, kutsata angongole, kapena kukhala pa kakhumbi ka Airtel Money ndi Mpamba osasowetsa tambala, imeneyo ndi ntchito, ndipo ilembeni momveka: munkachita chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi katundu wochuluka bwanji. Ophunzira lembani za nthawi imene munakaphunzira ntchito pa kampani, za udindo wa m'kalabu, za ntchito yodzipereka ku mpingo, ku mzikiti kapena ku bungwe la m'dera lanu.

Koma musaname. Satifiketi yogula imaululika, poti olemba ntchito amatha kukafunsa ku MANEB ndi ku makoleji, ndipo mathero ake ndi kupolisi. Anthu okuchitirani umboni muwapemphe kaye musanalembe maina awo. Si bwino mphunzitsi wanu wakale kuimbiridwa foni n'kuyamba kufunsa kuti ameneyo ndi ndani. CV yo isungeni ngati PDF kuti isasokonekere ikatsegulidwa pa kompyuta ina, ndipo fayiloyo itcheni dzina lanu. Wolandira makalata mazana sangatsate mafayilo khumi onse otchedwa "CV yatsopano". Masatifiketi ajambuleni bwino pamalo owala, osaoneka chala kapena chitenje cha patebulo, ndipo musunge ena mu imelo yanu yomwe kuti foni ikatayika musayambirenso pachiyambi.

Chachitatu ndi kudziwa kofufuza. Malo odalirika kuposa onse ndi tsamba la kampani kapena bungwe lenilenilo. Ngati banki ikufuna anthu, nkhaniyo ikhala pa tsamba la bankiyo. Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zikusindikizabe malonda a ntchito, ndipo kampani imene yalipira kuti ilengeze m'nyuzi imasiya phazi loti munthu akhoza kulilondola. Ntchito za m'boma zimadzera m'mabungwe ake olemba anthu, monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission ndi Health Service Commission. Ofuna ntchito m'mabungwe othandiza anthu ayang'ane pa ReliefWeb, tsamba limene nthambi ya United Nations yakhala ikuyendetsa kuyambira 1996, ndipo kuwerenga n'kwaulere. LinkedIn nayo ndi yaulere kulembetsa, ndipo kumeneko mukhoza kuona ngati munthu wodzitcha bwana wa zolemba anthu ntchito alipodi pa kampaniyo. Aliponso masamba a kuno kwathu amene amasonkhanitsa malonda a ntchito pamodzi. Amathandiza, koma chimene mwaona kumeneko kachitsimikizeni kwa eni ake.

Nanga magulu a WhatsApp ndi Facebook? Atengeni monga momwe mumatengera nkhani ya m'minibasi. Ikhoza kukhala yoona, koma palibe amene amagulitsa mbuzi chifukwa cha nkhani ya m'minibasi. Mukaona chilengezo pa gulu, sakani dzina la kampaniyo panokha, pezani nambala ya ofesi yawo kuchokera kwina osati pa chilengezocho, imbani. Ngati ofesi ili m'tauni momwemo, pitani ndi miyendo mukafunse kwa mlonda wa pageti. Mtengo wa minibasi ndi wochepa poyerekeza ndi K95,000. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chachinayi ndi kalata yofunsira ntchito. Werengani chilengezo kawiri. Tsiku lotseka ndi liti? Akufuna mulembe chiyani pa mutu wa imelo? Akufuna mapepala ati? Ambiri amagwa osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa chosatsata zimene auzidwa. Imelo yopanda mutu, yopanda moni, yongomata CV, ili ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni osaodira. Kalata imodzi yomweyo musaimwaze kwa makampani makumi awiri, poti tsiku lina mudzatumiza ku kampani ya shuga kalata yotamanda kampani ya simenti. Kuyambira 2022 kwabwera zida monga ChatGPT zimene zimalemba kalata m'kamphindi. Zikhoza kukuthandizani kukonza Chingerezi, koma mukazisiyira zonse, kalata yanu ifanana ndi za anzanu mazana, ndipo pa intavyu mudzafunsidwa mawu amene munalemba koma simukuwadziwa tanthauzo. Gulaninso kope lotsika mtengo kapena lotsala la kusukulu, muzilembamo kumene mwafunsira, tsiku lake, ndi yankho. Akakuimbirani patatha miyezi iwiri musamadzafunse kuti kodi ndi ntchito iti ija.

Intavyu nayo masiku ano imatha kuchitikira pa foni, pa Zoom kapena pa WhatsApp pomwe. Tikudziwa tonse mmene magetsi amachitira kuno, choncho tchajani foni usiku wake, gulani bandulo yokwanira, pezani malo a phee, valani ngati mukupita ku ofesi. Kuyankha mafunso a mabwana muli pakati pa msika, kondakitala akukuwa Ndirande kumbuyo kwanu, n'kudzipha nokha.

Tsopano ndibwere pa nkhani imene yandikhazika pansi kulemba zonsezi. Ntchito sagula. Ndibwerezenso kuti ndi agonthi omwe amve: ntchito sagula. Wolemba ntchito ndiye amalipira wantchito, mwezi ukatha. Zikatembenuka, wosaka ntchito n'kuyamba kulipira wolemba ntchito, dziwani kuti pamenepo palibe ntchito, pali geni, ndipo katundu wake ndinu. Dzina la ndalamayo lisakupusitseni. Ena amati ya fomu, ena ya kulembetsa, ena ya kuchipatala, ya yunifomu, ya maphunziro, ya malo ogona, ya kusungitsa malo. Yonseyo ndi mbuzi imodzi yosintha zikopa. Bungwe la United Nations limalemba poyera pa malonda ake a ntchito kuti sililipiritsa kanthu pa gawo lililonse lolemba anthu, ndipo mabungwe ambiri akuluakulu amalembanso chimodzimodzi. Komabe maina a mabungwe omwewo ndi amene mbava zimakonda kubwereka, poti zimadziwa kuti Mmalawi akamva za bungwe la kunja mtima umadumpha.

Zizindikiro zake sizivuta kuona munthu akadekha. Kampani yaikulu yokhala ndi nthambi m'dziko lonse, koma imelo yake ndi ya Gmail ngati yanu ndi yanga. Malipiro a bwana wamkulu pa ntchito yosafuna satifiketi iliyonse. Kulembedwa ntchito popanda wina kukuonani nkhope kapena kukufunsani funso. Ndalama yoti mutumize pa nambala ya munthu, yotuluka dzina la munthu, osati la kampani. Changu chosaneneka: tumizani isanakwane 12 koloko, malo atsala awiri okha. Chilengezo chokuuzani kuti muchitumize kaye ku magulu khumi kuti fomu itseguke. Ntchito zija amati muzingodina makanema pa foni n'kumalandira ndalama, koma muyambe mwaikamo kaye yanu. Ndipo choopsa kwambiri, wina wokufunsani nambala yachinsinsi ya Mpamba, ya Airtel Money kapena ya ku banki, kapena manambala amene angobwera kumene pa foni yanu. Palibe wolemba ntchito pa dziko lapansi amene ali nayo ntchito nambala yanu yachinsinsi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Samalaninso chiphaso chanu cha unzika. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo chiphaso chomwecho chimatsegula akaunti ku banki ndi kutengera ngongole. Mukatumiza chithunzi chake, kutsogolo ndi kumbuyo, kwa munthu wosamudziwa, mwamupatsa dzina lanu kuti akabere nalo ena. Tsiku lina apolisi adzagogoda pakhomo panu pa mlandu umene simukuudziwa. Chiphaso perekani mukatsimikiza kuti kampaniyo ilipodi, ndipo makamaka pamene akuitanani.

Pa ntchito za kunja ndiye nkhani imafika pa moyo weniweni. Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi kuno amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino, ena kudzera pa Facebook, n'kukapezeka ali m'nyumba za anthu ku Oman, mapasipoti atalandidwa, akugwira ntchito usana ndi usiku, ena akuzunzidwa m'njira zosayenera kuzilemba pano. Malamulo a ntchito a kumeneko amamangirira wantchito kwa bwana amene anamuitanitsa, kotero kuti kuchoka si nkhani yongonyamula chikwama. Amayi opitirira 50 anabwerera kwawo mothandizidwa ndi gulu la pa WhatsApp limene anayambitsa mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Si onse amene anabwera amoyo. Onani: foni yomweyo inawapititsa, foni yomweyo inawapulumutsa. Vuto si chida, koma dzanja limene lachigwira.

Ntchito zoona za kunja zilipo. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo dziko lonse linamva. Koma nkhani yotere ikamveka, akamberembere amadziwa kuti mitima yatentha, ndiye nthawi yawo yokolola. Choncho musanagulitse firiji ya amayi anu kuti mulipire ejenti, pitani ku ofesi ya leba kapena ku unduna wa zantchito mukafunse ngati ejentiyo akudziwika. Onani kontirakiti musanakwere ndege, ndipo ikhale m'chilankhulo chimene mukumva. Onani ngati viza ndi yogwirira ntchito kapena yongokacheza. Siyani kunyumba chithunzi cha pasipoti, dzina la bwana ndi adiresi ya kumene mukupita. Ejenti wokuuzani kuti musauze abale anu kuopa kuti akulodzani, ameneyo ndiye mfiti yake. Lamulo lathu la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, ndipo zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Lamulo lilipo, koma limagwira ntchito pokhapokha wina atalankhula.

Mawu ena apite kwa inu makolo ndi achibale a m'misika, poti ndalama zimene zikubedwazi zambiri zikuchokera m'zikwama zanu. Mwana wosaka ntchito alibe K95,000. Amabwera kwa inu. Inu amene simugula belo musanasuzumire chizindikiro chake, inu amene mumaluma mpunga musanaode thumba, bwanji pa nkhani ya ntchito mumatulutsa ndalama osafunsa? Ndikudziwa yankho lake: chikondi, ndi kutopa poona mwana wophunzira akungokhala. Koma nzeru ya mumsika ndi yomweyo yofunika pa intaneti. Funsani kuti ofesi yawo ili pati. Funsani kuti waonana ndi ndani. Nenani kuti tipite tonse tikalipire pa kauntala atipatse lisiti. Mudzaona "bwana" akuyamba kukwiya ndi kuopseza kuti malo apatsa wina. Musiyeni apatse winayo. Ndipo mwana akaberedwa musamunyoze mpaka kumusowetsa mtendere, poti mawa akakumana ndi china adzakubisirani.

Ndikanakhala wabodza ndikanati amene watsata zonsezi ntchito aipeza. Intaneti silenga ntchito. Imangoonetsa zimene zilipo, ndipo zilipo n'zochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka anali osakwana zaka 18. Ana amenewo ndi omwe akutuluka m'sukulu chaka ndi chaka tsopano. Pa kampeni ya 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni, monga momwe takhala tikulonjezedwera zinthu ndi zipani zonse chiyambire matipate, koma mizere ya achinyamata onyamula maenvelopu sinafupike. Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunafinya makampani ndi ageni omwe. Tikudziwanso kuti malonda ena a ntchito amalengezedwa mwamwambo chabe, malo atapatsidwa kale mwana wa mlamu wa bwana. Ulova wotere ndiwo manyowa a akamberembere. Munthu wanjala safunsa kuti nyama yafa bwanji.

N'chifukwa chake udindo suli pa achinyamata okha. Boma liike ntchito zake zonse pa tsamba limodzi lodziwika, losavuta kutsegula pa foni yotsika mtengo, kuti chilengezo chabodza chizionekera msanga. Maofesi a leba m'maboma ndi nthambi za laibulale akhale ndi makompyuta angapo ndi munthu wothandiza wosaka ntchito kutsegula imelo ndi kulemba CV. Sukulu za sekondale ndi makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA asatulutse mwana wosadziwa kutumiza kalata pa imelo. Ili ndi phunziro la masana amodzi. Makampani a foni, amene amapindula pa ndalama iliyonse yotumizidwa, yoba ndi yomwe, azitseka msanga manambala odandaulidwa, ndipo aganizire zoti masamba a ntchito za boma azitsegulidwa popanda bandulo. Bungwe la MACRA ndi apolisi ali ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti. Tikufuna tizimva za anthu omangidwa ndi kuweruzidwa, osati machenjezo okhaokha. Ndipo wapolisi wa pa kauntala asamaseke mnyamata wobwera kudzadandaula.

Olemba ntchito nanunso muli ndi mbali yanu. Lembani pa chilengezo chilichonse kuti simulipiritsa. Gwiritsani ntchito imelo ya kampani. Musamafune kalata ya kupolisi ndi mapepala odinda kwa loya kwa anthu chikwi pamene mukufuna munthu mmodzi. Zimenezo funsani kwa amene mwawasankha. Ndipo yankhani, ngakhale ndi mzere umodzi wokana. Chete wanu ndi amene amachititsa kuti wakuba akayankha msanga ndi mawu okoma, mwana aziona ngati wapeza mpulumutsi. Wantchito wanu akamagulitsa malo pamseri, imeneyo ndi katangale, ndipo khomo la ACB ndi lotsegula.

Amene mwaberedwa kale, musangodziguguda pachifuwa n'kukhala chete. Sungani mauthenga onse ndi nambala imene munatumizako. Imbirani kampani ya foni tsiku lomwelo, pitani kupolisi, dziwitsani bungwe limene dzina lake linabwerekedwa, ndipo chenjezani anzanu pa gulu lomwe munaona chilengezocho. Ndalama mwina sibwerera, koma mukhoza kupulumutsa ya mnzanu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwana wa achemwali anga uja ndinakhala naye pansi Loweruka lina masana onse. Tinatsegula imelo yatsopano ya dzina lake. Tinalemba CV, ndipo anadabwa kuona kuti zaka ziwiri za pa benchi ya kaunjika zinadzaza theka la tsamba: kaundula wa mabelo, mitengo, angongole, ndalama za tsiku. M'kope lake muli tsopano malo khumi ndi anayi kumene wafunsira. Awiri ayankha mokana, amodzi amuitana ku intavyu ndipo akudikira. Ntchito sanaipeze, ndipo m'mawa uliwonse akumasulabe mabelo ku Limbe. Koma sabata yatha anandiimbira. "Amalume, kwabwera ina. Akuti ndi ya ku bungwe la kunja, koma akufuna K25,000 yolembetsera." Ndinamufunsa kuti ndiye wachita chiyani. Anati wawafunsa kuti ofesi yawo ili pati, abwere adzalipire pamanja. Mpaka lero sanayankhe.